Tifunseni: Mwana, Buku ndi Ulendo wa Banja

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Kasungu, ndipo pafupifupi onse akunena za ana: kuwerenga kwawo, ndi kumene banja lingapite kukapitidwa mphepo tchuthi chikafika. Tasankhapo asanu ndi imodzi. Mayina a olemba tawasunga monga mwa nthawi zonse.

Mwana wanga wamwamuna ali Sitandade 3. Buku la kusukulu amaliwerenga bwinobwino, koma tsiku lina ndinamupatsa kapepala ka kusikelo kuti andiwerengere, anangoti kakasi. Ndazindikira kuti amangoloweza. Ndikamukalipira amalira. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Ndimuthandize bwanji? — Mayi wa ku Chamama

Mayi, mwachita bwino kumuyesa ndi pepala lachilendo, chifukwa makolo ambiri amadzazindikira vutoli mwana atafika kale Sitandade 6. Sikuti mwana wanu ndi wopanda nzeru. M'kalasi la ana ambiri amawerengera pamodzi mokweza, ndiye mwana wakhutu lakuthwa amagwira mawu kuchokera kwa anzake, n'kumayang'ana chithunzi, osati malembo. Sitandade 7 yanuyo ndi yokwanira kukonza zimenezi, pakuti Chichewa chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira. Mwana akagwira maphatikizo, palibenso mawu omukanika.

Yambani ndi kupeza pamene pathothoka. Dulani katoni yakale tizidutswa tofanana ndi bokosi la machesi. Pa tisanu lembani a, e, i, o, u, ndipo mumusonyeze mosakaniza, osati mwa ndondomeko imene amayimba kusukulu. Akadutsa apa, lembani maphatikizo a malembo awiri: ma, me, mi, mo, mu, kenako a t, a l, a k, a g. Musathire onse tsiku limodzi. Banja limodzi la maphatikizo pa masiku awiri likukwana. Akadziwa mabanja atatu kapena anayi, yalani timakatoni pamphasa kuti azilumikiza yekha: mu ndi tu apange mutu, ga ndi lu apange galu. Muzimulola apange ngakhale mawu opanda tanthauzo, kenako mumufunse ngati mawuwo alipo m'Chichewa.

Ana ambiri amaphunthwa pa malo atatu. Poyamba ndi b ndi d, amene amaoneka ngati lembo limodzi lotembenuzidwa. Mankhwala ake ndi kulemba pansi ndi chala, malembo aakulu, uku akutchula. Sabata ino b yekha, sabata yamawa d, kuwaphatikiza pambuyo. Pachiwiri ndi h wa mpweya. Muikireni chikhatho pafupi ndi pakamwa atchule pala ndi phala, kola ndi khola, amve yekha mpweya ukumuwomba pa mawu achiwiriwo. Pachitatu ndi kachizindikiro ka ng', kamene kamasiyanitsa ng'oma yovinira ndi ngoma ya m'tchire. Zimenezi zikakhazikika m'pamene mufike pa maphatikizo olemera monga nkhwa, mpha, ntche ndi ndzi.

Nthawi ikhale mphindi 15 tsiku lililonse. Zimenezi zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha, chifukwa zimene mwana waphunzira lero zimafuna kukumbutsidwa mawa zisanazilale. Nthawi yabwino ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, atasamba, nsima isanamulemeretse maso. Ngati muwerenga usiku, nyali ya sola iunikire papepala kuchokera pambali, osati kumaso kwake. Koloboyi amalilitsa maso ndi utsi, ndipo mwana amayamba kuganiza kuti kuwerenga ndiko kumapweteka.

Akakakamira pa mawu, musamuuze msanga. Werengani chamumtima mpaka kasanu. Akalepherabe, phimbani mawuwo ndi chala n'kumavundukula phatikizo limodzilimodzi. Ngati pa mawu 10 akulakwitsa oposa amodzi, nkhaniyo yamukulira, mupezereni yofewa. Ndime imodzi aiwerenge katatu: koyamba movutikira, kachiwiri mwamyaa, kachitatu ngati akulankhula. Akamaliza mufunseni kuti nkhaniyo ikunena za yani, ndipo chachitika n'chiyani. Kutchula kopanda kumva tanthauzo sikunafike pa kuwerenga.

Zowerenga zili ponseponse: thumba la feteleza, kalendala, buku la nyimbo la kutchalitchi, chikwangwani cha pachigayo. Koma choposa zonse ndi nkhani yake yomwe. Akuuzeni zimene wachita lero m'ziganizo zitatu, inu mulembe mu kope ndi malembo ooneka bwino, iye awerenge. Pakatha mwezi amakhala ndi kabuku kake.

Kukalipira kokha ndiko musiye, mayi, tikukupemphani. Mwana wamantha amathamangira kulota mawu kuti athane nazo msanga, ndipo kulotako ndiye matenda amene tikuchiza. Mukachita zonsezi miyezi itatu popanda kusintha, kapena mukaona kuti amatsinzinira, amayandikitsa buku kumphuno, amadandaula mutu kapena samva mukamuitana chakumbuyo, pitani naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu. Mukambiranenso ndi aphunzitsi ake kuti azikhala kutsogolo.

Ndimagwira ntchito pa boma pano. Ana anga atatu, wamkulu wa zaka 12, wamng'ono wa zaka 4, sanaonepo njovu chibadwire, chonsecho nkhalango tili nayo m'boma lathu lomweli. Ndikufuna kupita nawo pa tchuthi. Ndikonzekere zotani? — Bambo wa ku Kasungu boma

Bambo, ganizo limeneli ndi labwino, ndipo tikanakonda mabanja ambiri a kuno akanamatero. Nkhalango ya Kasungu ndi yachiwiri kukula m'Malawi, kutsatira ya Nyika, ndipo ndi yoposa masikweya kilomita 2,300. M'chaka cha 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi njati, mphalapala, nswala ndi njiri, choncho mwayi woona nyama ndi wokulirapo kusiyana ndi zaka za m'mbuyomu.

Nyengo ndiyo yoyamba kuiganizira. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu umakhala utauma, mitengo itayoyola masamba, madzi atachepa m'madambo, ndiye nyama zimasonkhana kumene kwatsala madzi, makamaka ku damu la Lifupa. Tchuthi chachikulu cha Ogasiti chikugwirizana bwino ndi zimenezi, ndipo kutentha kumakhala kusanafike poipa monga mu Okutobala. Tchuthi cha Khirisimasi kapena cha Pasaka sitikulangizani: udzu umabisa nyama, ndipo misewu ya m'nkhalango imachita matope oti galimoto yaing'ono imatitimira.

Kuchokera pa boma kukafika pachipata cha Lisitu ndi makilomita oposa 30 chakumadzulo, kenako pali kamtunda kena kukafika ku Lifupa. Pamafunika galimoto yokwera bwino pansi. Ngati mulibe yanu, gwirizanani ndi banja lina muchite hayala imodzi, koma mupanganiretu zinthu zitatu musananyamuke: mafuta agula ndani, dalaivala adikira mpaka nthawi yanji, ndipo kuzungulira m'kati mwa nkhalango kuli m'mtengowo kapena ayi. Mikangano yambiri ya maulendo otere imabuka pa chachitatuchi, dalaivala akafika pachipata n'kunena kuti pangano lathera pomwepo. Thirani mafuta okwanira pa boma, onani tayala lapadera kuti lili ndi mpweya, jeke ndi sipanala zilipo. Njinga yamoto ya kabaza musaidalire pa ulendo umenewu, kuli njovu.

Kudakali masiku angapo, funsani ku ofesi yoona za nyama zakutchire mtengo wolowera wa panopa, wa munthu ndi wa galimoto, komanso ngati mungapatsidwe wagemu wokuperekezani. Amalawi amalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso cha unzika. Wagemuyo musamuone ngati ndalama yotayika. Amadziwa kumene njovu zinagona, ndipo ana amaphunzira zambiri kwa iye kuposa kwa inu ndi ife.

Nyamukani kusanache kuti mukafike pachipata dzuwa likutuluka. Nyama zimayenda m'mawa ndi chakumadzulo. Masana zimabisala pamthunzi. Wamng'onoyo sangapirire m'galimoto kupitirira maola awiri, ndiye zungulirani m'mawa, mukapumule ndi kudya ku Lifupa masana, mutuluke dzuwa lisanalowe. Madzi akumwa tengani malita awiri pa munthu wamkulu ndi lita imodzi ndi theka pa mwana. Kamba akhale wosasasa msanga: mbatata yootcha, mtedza wokazinga, mazira owiritsa osasenda, nthochi, chigumu. Mpunga wa nyama wophikidwa dzulo lake umawonongeka m'galimoto yotentha, ndipo thobwa limafufuma m'botolo mpaka kuphulitsa chitsekero.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachiganizira: kashembe. Ntchentche imeneyi ilimo m'nkhalangoyi, imaluma mopweteka, ndipo ina imafalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, komanso imatsatira galimoto yoyenda. Valani zotuwira, za manja aatali, ndipo tsekani mawindo podutsa m'mitengo yothithikana. Ngati wina atupa pamene analumidwa, kapena atentha thupi ndi kumva mutu m'masabata atatu otsatira, pitani kuchipatala msanga ndipo mukanene kuti munali kunkhalango. Mawu amenewa ndi ofunika, chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi za malungo.

Mukakumana ndi njovu, imani patali, osaimba hutala, osakuwa, ndipo galimoto iime moti ikhoza kubwerera. Musalowe pakati pa njovu yaikazi ndi mwana wake. Ikatambasula makutu n'kumapukusa mutu ikuyang'ana inu, ikukuuzani kuti mwayandikira, bwererani pang'onopang'ono. Ku damu ana asafike m'mphepete mwa madzi, muli mvuu, ndipo mvuu pamtunda imathamanga kuposa munthu. Musatsike m'galimoto pokhapokha pamalo ololedwa, ndipo musatole nkhuni, uchi kapena china chilichonse.

Auzenitu ana kuti nkhalango si khola. Mitengo ya miombo imabisa ngakhale njovu, ndipo tsiku lina mungabwereko mutaona mvuu, anyani ndi mbalame zokha. Kuti asagwe ulesi, gulani kope limodzi la ulendowu. Wamkulu alembe mayina a nyama zimene akuyembekeza kuona, wapakati azichonga zimene zaoneka, kuphatikizapo mapazi, ndowe ndi mitengo yothyoledwa ndi njovu, wamng'ono ajambule mukafika kunyumba. Sabata yotsatira wamkuluyo alembe nkhani ya ulendo wonse, awerengere banja madzulo.

Ndikulera zidzukulu zinayi. Ine sukulu sindinapiteko, kalatayi wandilembera ndi mdzukulu wanga. Kodi pa nkhani ya mabukuyi ine ndilipo ndi gawo? — Agogo a ku Chulu

Agogo, gawo lanu ndi lalikulu. Mwana amamva zimene akuwerenga ngati mawuwo anawamvapo kale, ndipo nkhokwe ya mawu ndinu. Madzulo mukati "Padangokhala," iwo n'kuyankha "Tili tonse," mukuwaphunzitsa kutsatira nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, luso lomwelo limene amafuna m'kalasi. Mukafika pakati pa nthano imani, muwafunse kuti Kalulu achita chiyani tsopano. Mawa lake mmodzi aibwereze, wamkulu ailembe mu kope. Zilapi ndi miyambi nazonso azilemba, ziwiri kapena zitatu pa sabata.

Chinanso, muziwapempha kuti akuwerengereni: uthenga wa pafoni, kalata ya kumpingo, ndime ya m'Buku Lopatulika. Mwana akatchula molakwa khutu lanu lidzamva kuti Chichewa chake sichinaime bwino, ndipo mungomuuza kuti, "Tabwereza pamenepo, sindinamve." Mwana amene akudziwa kuti agogo akudalira iye amawerenga mosamala kuposa pamaso pa aphunzitsi.

Bambo anga anandisiyira katoni ya mabuku. Nditatsegula mwezi watha ndinapeza chiswe chadya a pansi, ena achita nkhungu, ena masamba akuthothoka. Otsalawo ndiwapulumutse bwanji? — Mnyamata wa ku Santhe

Achimwene, cholakwika chinali katoni ndi malo ake. Katoni ndi chakudya cha chiswe, ndipo ikakhala pansi mogundana ndi khoma, chiswe chimalowa chapansi osaoneka. Tulutsani mabuku onse lero lomwe. Odyeka kwambiri muwapatule. Otsalawo muwakunthe limodzilimodzi panja, muwaimike chotsegula pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku awiri. Padzuwa ayi, chifukwa zikuto zimapindika ndipo guluu amauma n'kusweka. Nkhungu ikauma muipukute ndi kansalu kouma, muli panja, mutaphimba mphuno. Buku lonyowa muziika mapepala a nyuzipepala pakati pa masamba 20 alionse, kusintha akanyowa, ndipo likatsala pang'ono kuuma mulitsendereze ndi njerwa yokutidwa m'pulasitiki.

Masamba othothoka musamate ndi selotepi, imachita chikasu n'kumatuka, kusiya banga. Phala la ufa kapena la chinangwa limaitana mphemvu ndi njenjete. Gwiritsani ntchito guluu woyera wa akalipentala, wopaka mopyapyala kumsana kwa buku, kenako mumatepo kansalu kopyola mbali zonse ndi zala ziwiri. Kabuku kopyapyala mukhoza kukasoka: boolani mabowo atatu pamsana ndi singano ya matumba, mudutsitse ulusi wolimba kuyambira bowo lapakati, mumange mfundo m'kati.

Posunga, thabwa lokhomedwa m'mwamba kapena lolendewera pa waya ndi labwino, lotalikira khoma ndi chikhatho chimodzi, kutali ndi utsi wa kukhitchini ndi pamene denga limadontha. Ngati m'nyumba muli makoswe, ndowa ya pulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro imathandiza, bola mabukuwo alowe ali ouma gwa, ndipo muzitsegula kamodzi pa mwezi m'nyengo ya dzinja. Mukayamba kubwereketsa, khalani ndi kope lolemba dzina la buku, wobwereka ndi tsiku lobweza. Masabata awiri akwana, ndipo munthu asatenge lachiwiri asanabweze loyamba.

Mwana wathu wamkazi ali Fomu 3 ndipo amakonda mabuku a nthano. Bambo ake akuti n'kutaya nthawi, aziwerenga manotsi okha. Komanso nyengo ya fodya ntchito zimamuchulukira, pomwe alongo ake awiri amapita kumpira. Ndani akulondola? — Mayi wa ku Wimbe

Mayi, nkhawa ya bambo tikuimvetsa, fizi ndi yowawa ndipo akufuna mwana akhoze. Koma pa mfundoyi sitikugwirizana nawo. Pa mayeso a MSCE mwana amalemba chimangirizo, amayankha mafunso a nkhani imene sanaionepo, ndipo mafunso a pafupifupi maphunziro ena onse, kupatula Chichewa, amabwera m'Chingerezi. Woloweza manotsi okha funso likangotembenuzidwa pang'ono amasokonezeka. Wozolowera kuwerenga nkhani zazitali amamva msanga chimene funso likufuna, ndipo amamaliza nthawi isanathe.

Chitsanzo muli nacho kwanu komweko. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala, atasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, ankabwereka mabuku pa kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe. M'buku lina la sayansi anaonamo chithunzi cha makina oyendera mphepo, ndipo anapanga ake ndi zitsulo zotola, mapaipi ndi dayinamo ya njinga, mpaka kunyumba kwawo kunayaka magetsi. Buku limenelo silinali la mayeso alionse.

Nkhaniyi muikambe ndi bambo muli awiri, osati pamaso pa ana, ndipo mupite ndi pangano m'manja. Mwachitsanzo, masiku a sukulu ayambe ndi manotsi ola limodzi ndi theka, kenako mphindi 30 za buku lake. Lamulungu masana likhale lake. Kukatsala mwezi umodzi kuti alembe mayeso, nthano ziyambe zaima. Bambo aziona okha zotsatira za teremu.

Za ntchitozo ndiye pakufunika kukonza. Nthawi yothyola, kusoka ndi kusankha fodya aliyense amatopa, koma mtsikana akachoka kuchigafa amakapezanso mtondo, madzi ndi mbale zikumudikira. Pofika pogwira buku maso atseka kale. Lembani ntchito zonse za pakhomo papepala, mugawe mwa masiku, anyamatawo alowemo. Kutunga madzi pa njinga, kuwaza nkhuni, kupita kuchigayo ndi kutsuka mbale palibe chimene chingawalepheretse. Mpira apite ntchito yawo itatha.

Mabuku ena oti azisinthira angapezeke ku laibulale ya pasukulu, ku TDC (malo okumanirako aphunzitsi) ya zoni yanu, ndi ku nthambi za National Library Service. Masamba a Chichewa a m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata nawonso musatayire kukulunga zitumbuwa asanawawerenge.

Ndalama ya hayala ife tilibe. Kodi palibe koyenda ndi ana kosalira zambiri? — Bambo wa ku Mtunthama

Kulipo, bambo, ndipo kwina muli nako pakhomo. Ku Mtunthama komweko kuli mtengo wa kachere umene Dr. Hastings Kamuzu Banda anaphunzirapo ali mwana, pafupi ndi sukulu ya Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981. Kulowa m'kati mwa sukuluyo kumafuna kupempha chilolezo pasadakhale, ndipo zimaphweka mukapita ngati gulu la sukulu kapena la mpingo. Musanapite, pezani munthu wachikulire wa m'deralo afotokozere ana mbiri yake, iwo akonzeretu mafunso atatu aliyense.

Tsiku lina kwerani minibasi mupite pa boma mukakwere phiri la Kasungu. Yambani 6 koloko m'mawa kusanatenthe, funsani eni dera njira yodutsa ndi malo osayenera kufikako, ndipo mwana wosakwana zaka 6 musamukakamize kufika pamwamba. Nsapato zikhale zotseka, chifukwa patapata amaterereka pamiyala potsika, ndipo ngozi zambiri zimachitika potsika, miyendo itatopa. Mu Seputembala ndi Okutobala yang'anani kaye ngati kulibe moto wolusa. Mukafika pamwamba, ana aloze msewu wa M1, msika ndi damu, ajambule mapu pa kope n'kulemba mayina a malowo. Potsika mudzere mumsika, mwana aliyense mumupatse kandalama kochepa ndi kapepala kolembapo zoti agule, awerenge yekha, awerengerenso chenji. Minibasi yobwerera muikwere isanakwane 4 koloko, kuti mukafike kunyumba kukuwala.